Mwapopera koma nthochi, matimati ndi mbatata zikungopinimbirabe? Onani izi kaye musanagule botolo lina

Abale anga alimi a kuno kuchigwa cha Shire, vuto ili limabwera chaka ndi chaka makamaka madzi akaphwa tikatsikira kumadimba. Mbewu yamera bwinobwino, mwathirira, mwapalira, kenako mukungoona masamba ayamba chikasu mmphepete, akupiringizika, mbewu yaima siikukulanso. Munthu uthamangira pa Nchalo kapena pa Ngabu olo pa Bangula kukagula mankhwala, wogulitsa akupatsa Dithane, wapopera palibe chasintha, wabwereranso akupatsa Cypermethrin, wawonjezera ndi yureya poganiza kuti mwina ndi njala, ndalama yonse ya thonje kapena ya nandolo yathera mmabotolo koma mbewu ili chimodzimodzi. Zimandipweteka kwambiri chifukwa nthawi zambiri mankhwalawo si abodza ayi, kungoti matendawo ali pamalo poti mankhwala opopera safikapo.

Mkati mwa mbewu iliyonse muli mitsempha ya mitundu iwiri. Ina imakweza madzi ndi mchere wa mnthaka kuchoka kumizu kupita kumasamba. Ina imatenga shuga amene masamba apanga ndi dzuwa nkumupititsa kumizu, kuzipatso, kumbatata pansi, kunsonga komwe kukumera, ndipo iyi akatswiri amaitcha phloem. Nde pali tizilombo tina tosaoneka ndi maso, mavairasi ambiri ndi mabakiteriya ena, timene timakhala mmitsempha ya shugayi basi, sitikhala pamwamba pa tsamba. Tikachulukamo njira ya chakudya imatsekeka, shuga amangodzadzana mmasamba mpaka tsamba limalimba, kuchita chikasu, kuthyoka msanga ukaligwira, pomwe mizu ndi zipatso zikufa ndi njala. Nchifukwa chake feteleza sathandiza, chakudya chilipo koma chikusowa podutsa. Dithane ndi kopa ndi mankhwala a nkhungu za pamwamba pa tsamba ngati chiwawu cha matimati, vairasi sakumudziwa nkomwe.

Tizilomboti sitiyenda tokha. Timanyamulidwa ndi tizilombo toyamwa timene timabaya kamlomo kake mpaka kufika mu mtsempha wa shuga uja, nsabwe za mmasamba, ntchentche zoyera zija zimauluka ngati phulusa ukagwedeza thonje kapena matimati, ndi tina tolumphalumpha. Zili ngati udzudzu ndi malungo, kupha udzudzu kumateteza amene sanadwale koma sikuchiza amene wadwala kale. Njira ina, imene kwa ine ndiyo yaikulu kuno, ndi ife eni ake ndi manja athu, ana a nthochi ndi kholowa zopemphana.

Musanathamangire kunena kuti ndi vairasi, yambani mwachotsa zinthu zina zimene zimafanana nazo, chifukwa kuzula mbewu yoti ikanachira nkutayanso. Imani pamphepete pa munda muone mmene vutolo lagwirira. Ngati ndi chigawo chonse chaphatikizana, malo otsika kumene madzi anakhalitsa kapena malo oti dothi likauma pamwamba pamayera mchere, zimenezo zambiri zimakhala za nthaka, ndipo kuno malo a mchere alipo ambiri. Ngati munda wonse wayezuka mofanana kuyambira masamba akale a mmunsi, imeneyo ndi njala ya nayitirojeni, thirani manyowa kapena feteleza muona masamba atsopano akubwera obiriwira. Koma mukaona apa yodwala, yoyandikana nayo ili bwinobwino, uko ina yodwala, kapena zambiri zodwala zili kumphepete koyang'anizana ndi munda wakale wa mnzanu, ndipo masamba amene aonongeka kwambiri ndi atsopano a kunsonga, ang'onoang'ono opiringizika, apo ganizirani za matenda a mkatiwa. Mbewu yotere kawirikawiri siifota nkugwa ayi, imakhala moyo koma yopinimbira, kungodya malo.

Kufota kwadzidzidzi ndi nkhani ina. Tomato akafota masamba ali obiriwira, dulani tsinde pafupi ndi pansi mulowetse nsonga yodulayo mu galasi la madzi oyera osagwedeza, dikirani mphindi zochepa, mukaona tiulusi toyera ngati mkaka tikutsika kuchoka patsindepo amenewo ndi mabakiteriya a mmitsempha ya madzi ndipo amakhala mnthaka, chithandizo chake nchosiyana, pamafunika kasinthasintha wa mbewu.

Tsopano nthochi, pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa apa mpamene timalira kwambiri. Matenda a chisaka, amene ndi a vairasi wonyamulidwa ndi nsabwe, anapezeka koyamba mMalawi muno cha mma 1994 ku Nkhotakota, anadzasakaza ku Nkhata Bay, kenako Thyolo ndi Mulanje, maboma amene ankadyetsa Blantyre yense nthochi, mpaka lero nthochi zambiri za mmisika ya mtauni zikuchokera ku Tanzania ndi Mozambique. Ife a ku East Bank, tsidya la kummawa kwa mtsinje wa Shire, tili mmunsi mwenimweni mwa mapiri a Thyolo, anthu amatsika ndi kukwera tsiku ndi tsiku, maukwati ndi maliro ndi misika nzimodzi, nde mwana wa nthochi kuchoka kumtunda kufika ku Masenjere kapena ku Muona pa njinga si nkhani yovuta.

Kuzindikira chisaka chikakhwima nkosavuta, masamba amatuluka afupiafupi, opyapyala, oimirira chilili osagwa mmbali ngati a nthochi yabwino, onse kuunjikana pamwamba, mmphepete mwake chikasu kenako kuuma, ndipo ukalipinda tsamba limathyoka kuti khwa. Koma pofika apo nsabwe zatenga kale matenda nkupititsa kwina. Chofunika nkuchigwira chikadali koyamba. Tengani tsamba latsopano limene langotambasuka kumene, mulitembenuze, muliyang'ane kunsi kwake mutalozetsa kudzuwa. Pa timitsempha ting'onoting'ono tija timachoka pamsana wa tsamba kupita mmphepete muona timizere tobiriwira kwambiri kuposa tsambalo, todukaduka, kadontho kamzere kadontho kamzere, ndipo pofika pafupi ndi msana timizereto timakhota ngati mbedza. Pukutaninso ufa woyera uja umakhala pamsana wa tsamba ndi pakhosi pake pomwe lalumikizana ndi thunthu, mupezanso mizere yobiriwira moderako. Mukaona zimenezi musadikire kuti tione kaye ngati ibereke. Nthochi yogwidwa ikadali yaing'ono siibereka, yogwidwa itakula imatha kutulutsa kamkoko kopotoka kopanda ntchito, ndipo ana onse a paphata limenelo muwatenge kuti ndi odwala olo akuoneka bwino, chifukwa onse amadyera chitsa chimodzi.

Musasokoneze ndi matenda ena aja ofotetsa nthochi amene amayamba ndi masamba akale, amachita chikasu nkuthyokera pakhosi kulendewera mozungulira thunthu, ukadula thunthu mkati muli mizere yofiirira. Amenewo ndi nkhungu ya mnthaka. Musasokonezenso ndi nankafumbwe amene amaboola chitsa pansi, ukakumba upeza mauna akuda. Kabuthu mwachibadwa ndi wamfupi nde ena amachedwa kuzindikira, chonsecho kabuthu ndi Williams ndi amene chisaka chimawagwira moipa.

Nsabwe yonyamula chisaka ndi yakuda moderako, yaing'ono, ndipo siikhala poonekera. Kokani pang'ono khungwa la tsamba pomwe lakumbatira thunthu, kapena yang'anani pansi pa ana ang'onoang'ono pafupi ndi dothi, muzipeza zitaunjikana. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pathunthu dziwani kuti nsabwe zilipo, nyerere zimatsata timadzi totsekemera timene nsabwe zimatulutsa ndipo zimaziteteza. Nsabwe ikayamwa nthochi yodwala kwa maola angapo imakhala ndi vairasiyo moyo wake wonse, ndipo zina zimamera mapiko nkuuluzika ndi mphepo. Nthochi ikalumidwa lero zizindikiro zimadzaoneka patapita pafupifupi mwezi kapena kuposa, nchifukwa chake mwana amene munapatsidwa akuoneka wathanzi amadzakudabwitsani mwezi wachiwiri.

Pamene ambiri timalakwitsa ndi pozula. Munthu angodula thunthu ndi chikwanje nkulikoka kudutsa mmunda monse kukataya kudzala, nsabwe zonse zikuyoyokera pa nthochi zabwino, chitsa chatsala pansi, mvula ikagwa chaphukanso ana odwala ndipo nsabwe zimakonda ana anthete omwewo. Yambani ndi kupha nsabwe nthochi ili chiimire. Sungunulani sopo mmadzi mpaka achite thovu, kapena mankhwala ophera nsabwe monga mwa malangizo a pabotolo, munyowetse bwinobwino makamaka mmakhwawa a masamba, pamtima pamwamba ndi pansi pa ana, mupoperenso mapata oyandikana nawo. Mawa lake kapena mkucha kumbani phata lonse, mayi ndi ana omwe, chitsa muchiduledule tizidutswa ting'onoting'ono muyanike pomwepo padzuwa, dzuwa lathu la kuno likuthandizani msanga, kapena kwirirani mdzenje lakuya. Kenako muzibwerera pamalopo sabata ndi sabata, kalikonse kophuka kuzula. Chikwanje ndi khasu sizifalitsa chisaka ndipo vairasiyu sakhala mdothi, nde malowo sanaonongeke, kudikira kwake nkofuna kuti nsabwe zotsala zife ndi zophukira zonse zioneke. Ine ndimati miyezi 3 ndi yochepetsetsa, mukatha kupirira 6 ndi bwino. Ngati pafupi pali koko muziyang'ananso, nsabwe yomweyi imatha kubisala mmenemo.

Chovuta chenicheni si khasu koma anthu. Inu mwazula, a neba anu kuseri kwa mpanda asunga phata lawo lachisaka ati masamba amamangira mkate kapena mbuzi zimadya, ndiye chaka chamawa mwadzala zatsopano zagwidwanso, nkumati mbewu ya alangizi njabodza. Nkhaniyi njofunika kuitengera kwa amfumu, mudzi wonse ugwirizane tsiku lozula, ndipo agogo amene alibe mphamvu zokumba anyamata akawathandize osati kungowalamula. Ndikudziwa kuti kuuza munthu wamkulu kuti azule nthochi zimene anadzala malemu amuna awo si chinthu chapafupi, pitani mwaulemu, muwaonetse timizere tija patsamba ndi maso awo, ndipo ngati nkotheka muwalonjeze ana abwino pa mbewu yanu ikadzachuluka.

Za komwe mutenge mbewu, apa mpamene madzi osefukira amatipweteka kawiri. Mu 2015, 2019, kenako namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, minda inapita, ndipo munthu ukabwerera kuchoka kukampu umatenga chilichonse chimene wapatsidwa kapena wapeza pamsika, sufunsa kuti chachokera kuti. Palibe amene angakudzudzuleni pa zimenezo, njala siidikira. Koma pa nthochi yokha chonde pirirani, funsani alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya kwanu (EPA) kapena ku ofesi yaikulu ya zaulimi ya Shire Valley ADD ku Ngabu za komwe kukupezeka mbande zoyezedwa, zija amachulukitsa ku labu, a kafukufuku a ku Bvumbwe ndi amene akhala akugwira ntchito imeneyi. Dziwaninso kuti mbande yoyera si yoti singadwale, imabwera yopanda matenda basi, mukaidzala pafupi ndi phata lodwala igwidwa ngati ina iliyonse. Mukatenga kwa mnzanu, pitani nokha mukaone munda wonse osati mwana yekhayo, mukapezamo olo phata limodzi lachisaka siyani.

Matimati nawo, makamaka odzala mochedwa kuyandikira nyengo yotentha. Masamba akunsonga amachepa, amapindikira mmwamba, mmphepete chikasu, mfundo za tsinde zimayandikana, maluwa amangoyoyoka. Gwedezani mbewu mmawa muone ngati tintchentche toyera tiuluke. Kuno timachuluka chifukwa cha kutentha komanso timasamuka kuchoka ku thonje likamauma, nde amene mumasiya mapesi a thonje mmunda osazula mukusungira anzanu mavuto. Koma taonani kaye, masamba akale a mmunsi akapindika ngati chitoliro koma ali obiriwira, mbewu ikukula ndi kubereka, kumeneko nkutentha ndi kuthirira kodumphadumpha, musazule. Tsamba likachita timadontho toyera ndi ukonde kunsi ndi kangaude wofiira. Likakhala ndi timawindo toyera mkati muli kambozi, kameneko ndi kambozi kotchedwa Tuta.

Nkhondo ya matenda opiringizawa imapambanidwa kapena kulephereka pa nazale. Mbande ikalumidwa isanawokeredwe simudzakololapo kanthu, pomwe yolumidwa itayamba kale kubereka imakupatsaniko ndithu. Ikani nazale kutali ndi munda wakale wa matimati, wa thonje kapena wa chinangwa, ndipo muiphimbe ndi neti ya maso ang'onoang'ono yopangidwira zimenezi. Neti ya udzudzu isiyeni pabedi ana agonemo, maso ake ndi aakulu tintchentcheti timadutsa. Mukawokera, masabata oyambirira muziyendera mzere ndi mzere, yopiringizika kuizula nkuiika mthumba pomwepo. Pa mankhwala, kupopera Cypermethrin yekhayekha sabata iliyonse ntchentche zoyera zimazolowera ndipo mumapha tizilombo tina timene timazidya, sinthanitsani mitundu ya mankhwala ndipo lozetsani kunsi kwa masamba komwe zimakhala. Chinthu china chimene ndimadana nacho ndi kutenga mankhwala otsala a thonje nkupopera matimati kapena mpiru mawa lake nkupita nazo kumsika, amadya ndi ana athu omwe, werengani pabotolo masiku odikira musanathyole. Mukamaliza kukolola zulani mapesi onse, musasiye munda wakale uli chiimire pambali pa watsopano.

Mbatata ndi imene imatipulumutsa madzi akapita, nde vuto lake limabisika chifukwa anthu amangoti mbewu yatopa. Mbewu siitopa yokha, ndi mavairasi amene amaunjikana mu kholowa chaka ndi chaka. Pali wina wonyamulidwa ndi ntchentche zoyera amene amakhala mmitsempha ya shuga ija, wina wonyamulidwa ndi nsabwe, aliyense payekha saononga kwambiri koma akakumana mu mbewu imodzi mbatata imapinimbira, masamba kuchepa, kukwinyika, mawangamawanga achikasu, pansi kukumba timizu tokhatokha. Mankhwala palibe, nzeru yake ili posankha. Musanadule mbewu yendani mmunda muzule zonse zokwinyika, dulani pa zathanzi zokha za miyezi 2 kapena 3, ndipo tengani nsonga yotalika masentimita 25 mpaka 30, osati chakutsinde komwe kumakhalanso mazira a nankafumbwe. Mitolo ya pamsika yoti yafota kale simungaone chilichonse, bola kukadula nokha. Mitundu yofiira mkati ngati Kaphulira, Chipika, Kadyaubwerere, Mathuthu ndi Anaakwanire njabwino pa thanzi la ana, koma nayonso ikazungulira mmanja mwa anthu zaka zingapo imafuna kukatenganso yatsopano kwa ochulukitsa mbewu odziwika ndi alangizi.

Zina ndingodutsamo mwachangu. Chitowe chikafika pochita maluwa mmalo mwa duwa nkutuluka timasamba tobiriwira tothithikana popanda makoko, ndi matenda a gulu lomweli, zulani msanga, mbewu imeneyo siidzabereka. Matenda a mtedza a kadukutu nawonso amabwera ndi nsabwe, dzalani ndi mvula yoyamba, mothithikana kuti nthaka iphimbike msanga, zulani mtedza womera wokha mchilimwe, ndipo mitundu ngati Nsinjiro ndi Baka imapirira kuposa CG7. Chinangwa cha khate musatengepo mitengo yodzala. Nzimbe zimene msana wa tsamba kunsi kwake wachita chikasu chowala musadulepo mbewu, a mmasikimu auzeni alangizi anu. Malalanje ndi mananchesi ali ndi matenda awo a bakiteriya wa mmitsempha yomweyi, tsamba limachita mawanga achikasu osafanana mbali ziwiri za msana, chipatso chopendekeka chowawa njere zake zofota, koma mtundu wake wa kuno ku Africa sugwirizana ndi kutentha kwambiri nde umavuta kumtunda kozizira kuposa kuchigwa kuno, chenjerani pogula mbande zomezanitsa zochokera kumeneko.

Mukachita zonsezi koma simukutsimikizabe, musanyamule mwana wa nthochi wamoyo kapena mtolo wa matimati odwala pa kabaza kudutsa nawo mmidzi kupita kwa alangizi, mukhala mukufesa nsabwe njira yonse. Jambulani pafoni zithunzi zitatu, munda wonse muli chapatali kuti aone mmene zodwala zamwazikira, mbewu imodzi yonse, ndi tsamba latsopano kunsi kwake mutayandikira padzuwa. Ngati akufuna kuona ndi maso dulani tsamba limodzi kapena awiri muike mu jumbo mumange pakamwa, ndipo muwauze komwe mbewu munaitenga, tsiku limene munadzala, zimene zili mminda yoyandikana nanu ndi mankhwala onse amene mwapopera kale, mabotolo ake mutenge.